Guluu Anaumira M'pampu ya a Namakhwa

Kuseri kwa fakitale ya tiyi, kumunsi kumene mathirakitala amatsitsirako mitengo ya bulugama, kuli shedi ya malata imene alendo saonetsedwa. Mmenemo ndimo amapangira matabwa omata. Amasenda bulugama mopyapyala, n'kumupaka guluu, n'kumupsinja pa makina otentha. Fungo lake limalasa m'maso ngati anyezi. Pakona pa shediyo pali pampu imene imakoka guluu m'thanki n'kumukankhira ku makina opakira, ndipo kwa zaka zambirimbiri pampuyo inali ndi mwini wake mmodzi, a Winston Namakhwa. Inagula ndi kampani, inde, koma mukanafunsa aliyense wa kukomboni akanakuuzani kuti ndi ya a Namakhwa.

Anabadwira kwa Mphuka, m'banja la ana ambiri pa kamunda kochepa. Makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi kudzafuna ntchito m'minda ya tiyi, ndipo chimene anasiyira zidzukulu zawo ndi ntchito yomweyo basi. A Namakhwa anayamba kutchola tiyi asanamere ndevu, dengu kumsana, ndipo sanachedwe kuidziwa nkhanza ya ntchito ya sizoni. Mvula ikagwa amakufuna, masamba akachepa amakuuza kuti pita kwanu ukapume, ngati kuti njala nayo imapuma. Chaka china anawatumiza kukasenza matabwa kushedi ija, ndipo anapezako mkulu wina wokonza makina amene maso anali atayamba kumuvuta. Mkuluyo anawaphunzitsa pampu. Tsiku lotsanzikana anawakokera pambali n'kuwapatsa mawu amene anawasunga kuposa mavesi a m'Baibulo.

"Iwe, pa esiteti sasunga munthu chifukwa chomukonda. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimboyo usaphunzitse mnzako."

Nyimboyo inawadyetsa. Anawalemba ntchito yokhazikika, n'kuwapatsa nyumba kukomboni: zipinda ziwiri, mpope panja, sukulu pafupi. Anakwatira Teleza wa kwa Changata, ndipo monga mkamwini womva anakamanga nyumba ya njerwa zootcha kwawo kwa mkaziyo. Ana anabadwa koma sanakhalitse, mpaka anabwera Ester, mwana wa kuukulu, amene anakana kupita. Tsopano anali mu Sitandade 6, wolongolola ngati mayi ake, ndipo bambo ake akamamumva akuwerenga Chingerezi pakhonde ankayerekeza kuti akukonza wailesi kuti mwanayo asaone mmene akumwetulira.

Guluu wa m'shedimo si wa nsapato ayi. Amabwera m'migolo ali wamadzimadzi, ndipo m'mawa uliwonse amamusakaniza ndi ufa wa chinangwa ndi mankhwala oumitsa. Akangothira mankhwalawo, guluu wayamba kale ulendo wokakhala mwala, ndipo sabwerera. Bola azingoyenda. Akaima m'pampu, dzuwa lisanapendeke wagwirana. N'chifukwa chake belu lowerukira likalira, anzawo akuthamangira kokasamba, a Namakhwa ankatsala okha ndi zidebe zawo, kutsuka pampu mpaka madzi otuluka atayera. Madziwo ankawayesa ndi chigongono ngati mayi wosambitsa khanda, chifukwa ozizira sachotsa kanthu, pomwe otentha ndiwo amamuumitsa msanga guluuyo. Ngakhale uli kumsewu unkatha kumva kuti afika pati: pampu ikamakankha guluu imabuula molemera, madzi akalowa imayamba kulira mopepuka. Koma kuona ayi. Zonsezi ankazichita atatseka chitseko.

Ukangoyandikira ndi kansanza kofuna kupukuta fumbi, unkamva mawu kumbuyo: "Wasowa chogwira? Tsache lili apo." Ngakhale a Kingsley, bambo wa ana anayi amene ankayendetsa makina opakira pafupi pomwepo, amenenso ankayimba nawo kwaya imodzi kutchalitchi, sankadziwa pamene madzi amathiridwira. Anthu ankaseka kuti a Namakhwa ali ndi akazi awiri, ndipo amene amamuchitira nsanje ndi wachitsuloyo. Iwo ankaseka nawo, koma chitseko osatsekula. Musawaweruze msanga. Munthu amene anagonapo ndi njala miyezi ya chilimwe amadziwa chimene akubisa.

Foni inalira tsiku lina m'mawa, guluu atangosakanizidwa, pampu ili m'kati mobuula. Anali alamu awo a Mathew, mlongo wake wa Teleza. Masiku amenewo Teleza anali kumudzi kukakolola nandolo.

"Alamu, nyamukani mubwere. Achemwali agwa kumunda."

"Agwa bwanji? Mwapita nawo kuchipatala?"

"Musathamange, alamu. Atisiya kale."

Zimene anachita pambuyo pake a Namakhwa sankazikumbuka bwino. Anthu amati anatuluka ali mu ovolosi, osalankhula ndi munthu, anakatenga Ester kusukulu n'kukwera njinga yamoto. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, pampu sanaiyang'ane n'komwe.

Anzawo a m'shedi anali anthu abwino, ndipo ubwino wawowo ndi umene unawapweteka a Namakhwa. Uthenga utamveka, ntchito inaima. A Kingsley anazimitsa mota. Wina anafunsa kuti, "Kodi sitithiramo madzi, paja eni ake amathira?" A Kingsley anayankha kuti, "Madzi ake ati, pothirira pake pati? Tingawaonongere zinthu munthu ali pachisoni. Tisakhudze." Ndiye anatenga thumba latsopano loyera, n'kuifunditsa pampu bwinobwino kuti isalowe fumbi, n'kutseka chitseko mwaulemu. Bwana Mervin, woyang'anira shedi, anali ku Limbe tsiku limenelo. Kampani inapereka lole, ndipo shedi yonse inakwera ulendo wa kwa Changata ikuyimba nyimbo za chitonthozo. Maliro n'kulirana.

A Namakhwa anazindikira ali pamphasa ya anamfedwa, m'mawa wa tsiku loika. Anadzutsa mutu n'kuona a Kingsley akutsogolera nyimbo, kumbuyo kwawo osenda mitengo, osakaniza guluu, osenza matabwa, mpaka wosesa. Poyamba mtima unawayamikira kuti taonani anthu anga abwera onse. Kenaka mawu akuti onsewo anawabwerera. Ngati onse ali pano, kushedi kwatsala ndani? Koma namfedwa sadzuka pamphasa kukafunsa za pampu mkazi wake ali m'bokosi. Anangoweramanso n'kulira, ndipo anthu anati taonani mmene ankawakondera akazi awo. Ankawakondadi, koma misozi imeneyo inali ya maliro awiri.

Atatha kumeta, a Mathew anawaitanira pansi pa mtengo wa mapeyala. Sanali munthu wankhanza, ndipo analankhula akuyang'ana pansi.

"Alamu, mwakhala nafe bwino, palibe amene angakunenereni choipa. Koma mwambo mukuudziwa. Nthawi ikakwana tidzakusudzulani, mukhale omasuka. Nyumba mwamangayi ndi ya mwana, ndipo mwanayo ndi wathu."

"Ndikudziwa, alamu. Koma Ester yekhayo musandilande. Ndatsala ndi ndani?"

"Chifukwa cha sukulu, akhale kaye ndi inu kukomboniko. Koma ndinene poyera. Tsiku limene mudzasowe denga, mwana wa achemwali sadzagona panja ife tili moyo."

A Namakhwa anavomera ndi mutu. Kwawo kwa Mphuka kamunda kaja ana a alongo awo anali atagawana kalekale, moti ngakhale pomangirira mbuzi panalibe. Denga lokhalo limene anali nalo padziko lonse linali la kampani, ndipo denga limenelo linali m'mimba mwa pampu ija.

Atabwerera kuntchito anapeza thumba loyera lija likadali pamalo pake. Anzawo anali atayesa kuyatsa mota tsiku lina, inangong'ung'udza osazungulira, ndiye anaifunditsanso n'kumadikira eni ake. A Namakhwa anagwira shafuti, kachitsulo kamene mota imazungulitsira pampu, n'kuyesa kupotoza. Inali gwa. Bwana Mervin anafika ali chiimire pomwepo.

"Bambo Namakhwa, pepani ndi zovuta zija. Ndikudziwa kuti si nthawi yake, koma sindingakubisireni. Akuluakulu akuti pampu yatsopano sagula, ndalama zakunja kulibe. Shedi inonso akhala akuifunira chifukwa. Ikapanda kuzungulira mwezi uno usanathe, titseka, ndipo nyumba za onse a muno zibwezedwa."

"Izungulira, bwana."

"Mufuna anthu angati?"

"Ndekha, bwana."

Taonani munthu! Madzi afika m'khosi koma akukanabe dzanja.

Mabawuti anamasuka, koma chivundikiro chinakana mpaka anachita kuchikhomera mphero za mtengo. Chitatseguka, a Namakhwa anakhala pansi. M'kati monse munali mwala woyera, ndipo magiya ake awiri okankha guluu anali atakwiririka osaoneka ngakhale dzino limodzi. Guluu akauma palibe madzi kapena mankhwala amene angamubweze. Moto ukhoza kumuphulitsa, koma umapindanso chitsulo. Chimene chinatsala ndi kugoba basi. Anatola masipoko a njinga ndi misomali, n'kuzinola pa mwala, n'kuyamba dzino ndi dzino, pang'onopang'ono kuti asakande chitsulo. Tizidutswa tinkawathothokera m'maso. Ankafika mbandakucha, nthawi ya chakudya osadzuka, ndipo akamagoba ankapezeka akulankhula ndi Teleza, kumufunsa kuti n'chifukwa chiyani sanadikire ngakhale belu lowerukira.

Magiya anatuluka amoyo, koma mabeling'i anali atagwira ndipo silo, kamphira kotchinga kuti guluu asadonthere kushafuti, inatuluka zidutswazidutswa. Kusitolo ya kampani kunalibe. Anakwera minibasi kupita pa Boma kwa a Mahamudu, ogulitsa zitsulo za zigayo ndi malole, amene anakhuthula bokosi lonse pansi mpaka anapeza mabeling'i oyenera ndi silo ya pampu ya madzi ya lole imene inkalowa ukaikakamiza. Gasiketi, kapepala koyala pansi pa chivundikiro, anadula okha pa pepala la matumba a tiyi, akugogoda m'mphepete ndi kahamala. Zinthu zinayamba kuoneka ngati zitheka.

Tsoka silinunkha. Akumalizitsa kugoba pakona pa chivundikiro, sipoko inaterereka n'kuwalowa m'munsi mwa chala chachikulu cha dzanja lamanja. Anamanga kansanza n'kupitiriza. Dzanjalo linatupa mpaka m'mkono, ndipo kuchipatala atalitumbula anawauza kuti lipume. Lipume bwanji? Bandeji ili pompo anabwerera kushedi, koma zala zinali dzanzi, zosamva kanthu ngati chinangwa.

Apa ndi pamene panagona vuto. Pampu yotere simangidwa ndi maso. Gasiketi ikapyapyala magiya amakhula chivundikiro, ikakhuthala guluu amangobwerera m'mbuyo osakwera paipi. Mabawuti umamanga mopingasa, pang'ono uku pang'ono uko, ukupotoza shafuti ndi zala, mpaka umve kuti ikuyenda koma ikukanirira pang'ono chabe. Zala zimene zinkadziwa zimenezo zinali m'bandeji. Anayesa ndi dzanja lamanzere. Ulendo woyamba mota inabuula n'kuyamba kununkha. Ulendo wachiwiri madzi oyesera anangotuluka m'mbali n'kuwanyowetsa mapazi. Mwezi unali ukupita kumapeto, ndipo anthu a m'shedi, amene tsopano ankangosesa pabwalo, anasiya kuwapatsa moni wa nthabwala.

Madzulo ena akufika kunyumba anapeza Ester akuchapa yunifolomu pampope.

"Ababa, amalume anaimba pa foni ya amayi a pafupiwa. Amafunsa ngati n'zoona kuti shedi ikutsekedwa."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati ababa akonza, palibe chimawakanika." Anafinya yunifolomu n'kuwayang'ana. "Ine kumudzi sindikufuna, ababa. Kulibe amayi."

A Namakhwa analowa m'nyumba. Anachita mantha, mantha enieni, oposa a tsiku la maliro. Anaona bwinobwino njira ziwiri zimene zinatsala. Akapitiriza okha, pampu siizungulira ndipo nyumba ipita. Akaitana munthu, nyimbo ija yatuluka, ndipo pa esiteti munthu amene anaimitsa shedi mwezi wathunthu amamusunga pokhapokha ngati palibe wina. Komabe njira yachiwiriyi inali ndi kachiyembekezo kakang'ono, koti mwina akuluakulu adzakumbukira zaka zonse zija. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

M'mawa mwake anatsekuladi chitseko cha shedi n'kuitana.

"A Kingsley, tasiyani tsachelo. Sambani m'manja mubwere."

A Kingsley analowa monyinyirika. Chiyambire tsiku la maliro ankawazemba.

"Akulu, ine ndi amene ndinafunditsa thumba lija. Ndinkayesa ndikuchita bwino."

"Munachita zimene ndinakuphunzitsani. Gwirani apa."

Anawaonetsa zonse. Mmene amayalira gasiketi, mmene silo imalowera osaikhudza kumaso kwake, bawuti yoyamba ndi yotsatira. "Potozani. Mukumva chiyani?" "Yalimba, akulu." "Masulani, tiwonjezere pepala lina. Potozaninso." "Tsopano ikungoti lende." "Chotsani, tidule lopyapyala." Anamanga n'kumasula mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo chimene chinawapweteka a Namakhwa n'chakuti a Kingsley anali ndi zala zabwino. Sankafuna kuuzidwa kawiri. Kenaka anaima, shafuti ili m'manja, nkhope ikusintha.

"Akulu, apa ikuyenda, koma ngati pali kanthu kakuigwira pang'ono."

"Ndi pomwepo. Musakhudzenso."

Anayatsa mota. Pampu inakoka, inatsokomola, kenaka inayamba kubuula kubuula kwake kwakale, ndipo guluu anatulukira ku makina opakira. Panja anthu anakuwa, amayi osenza matabwa analuluta, wina anawanyamula a Namakhwa m'mwamba. Belu lowerukira litalira, a Kingsley anatsalira pakhomo, zidebe zili m'manja.

"Dzanja lanulo silinganyamule madzi. Ndiuzeni pothira."

A Namakhwa anayang'ana zidebezo. Chinali chinsinsi chomaliza chimene anatsala nacho. Koma anali ataona mwala uja ndi maso awo, ndipo sakanapirira kuuonanso. "Pindani malaya," anatero. "Madzi timayesa ndi chigongono."

Sabata yotsatira bwana Mervin anawaitanira mu ofesi n'kuwapatsa mpando, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. A Namakhwa atangoona mpandowo anadziwa.

"Bambo Namakhwa, ndalimbana nawo, Mulungu ndi mboni. Ankafuna kukuchotsani sabata ya maliro yomwe ija, ine ndinawauza kuti palibe wina angaikonze. Tsopano amva kuti alipo. Akuti matabwa a mwezi wathunthu atayika, wina ayenera kusenza mlandu. Chimene ndakwanitsa n'choti alembe kuti mwapuma pantchito, osati mwachotsedwa."

"Nanga nyumba, bwana?"

"Nyumba imayenda ndi pampu. Mukudziwa."

"Bwana, ndili ndi mwana." Anatsika pampando n'kugwada, bambo wa imvi, bandeji ili m'mwamba. "Ndipatseni ngakhale tsache. Ngakhale ulonda. Nyumba yokhayo, mpaka mwana alembe Sitandade 8."

Bwana Mervin anayang'ana pawindo. "Dzukani, bambo, chonde. Osesa alibe nyumba."

A Kingsley anabwera kunyumba kudzalumbira kuti iwo sanapemphe kuti awapatse pampu ndi nyumbayo, kuti akakana. A Namakhwa anawafunsa kuti ana anayi aja akugona m'nyumba yotani, ngakhale kuti aliyense ankadziwa kachisakasa ka lendi kamene ankakhalamo, kodontha mvula iliyonse. "Mukakana apatsa wina," anatero a Namakhwa. "Chitseko cha kuchipinda chimafuna kuchinyamula pang'ono potseka."

A Mathew anafika ndi njinga yamoto tsiku lotuluka m'nyumba. Anamangirira chikwama cha Ester kumbuyo, ndi ndowa, ndi mbale za malemu. Ester sanalire mpaka atakwera.

"Ababa, inu mukagona kuti?"

"Kwa Mphuka, kwa azakhali ako. Malo alipo ambiri."

Linali bodza, ndipo a Mathew anadziwa kuti ndi bodza, koma anangoti, "Muzibwera kudzamuona, alamu. Mlendo sitibweza." Njinga inanyamuka, ndipo Ester anayang'ana kumbuyo mpaka anakhota pa mizere ya tiyi.

A Namakhwa anasenza thumba lawo n'kukwera kumsewu waukulu, pamtunda pamene shedi imaonekera denga lokha. Minibasi inaima, kondakitala akukuwa kuti, "Limbe! Limbe! Madala tiyeni!" Anapukusa mutu. Inabwera ina, anapukusanso. Sikuti ankasankha galimoto ayi. Mumtima mwawo munali mutatsala kanthu kamodzi, kochititsa manyazi, kamene sakanauza munthu. Mwina a Kingsley aiwala. Mwina athira madzi otentha, pampu igwiranso, ndipo mawa wina adzathamanga kudzafunafuna a Namakhwa, n'kuwabwezera makiyi, iwo n'kupita kwa Changata kukatenga mwana wawo. Munthu amene anasamala pampu moyo wake wonse anakhala pa thumba m'mbali mwa msewu akuipempherera kuti ife.

Belu lowerukira linalira. Anthu anayamba kutuluka m'minda ndi madengu awo. Kumunsi kuja pampu inkabuulabe molemera, ndipo a Namakhwa anatchera khutu. Inabuula, inabuula. Kenaka mawu ake anasintha. Inayamba kulira mopepuka, mosadodoma, ndipo inapitiriza choncho nthawi yonse imene iwo eni akanaisiya, mpaka madzi atayera. Kenaka inazima bwinobwino.

Anali ataphunzitsa bwino. A Namakhwa anaphimba nkhope ndi dzanja la bandeji lija n'kulira mokweza ngati mwana, anthu otchola tiyi akudutsa n'kumawapatsa moni mwaulemu. Minibasi ina inaima, ndipo kondakitala anatsika n'kunyamula thumba lawo asanafunse n'komwe.

"Madala, mukutsikira pati?"

A Namakhwa anatsekula pakamwa kuti ayankhe, koma dzina la malo silinabwere.